Tisanalandane maikolofoni pa nkhani ya Baibulo, timveko za ku Spain

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzi yanu ndiyankhulepo pa nkhani ina yomwe ikutentha mmipingo mwathu kuno ku Nkhotakota, ndipo ndikhulupilira kuti si kuno kokha, nkhani yoti Baibulo lenileni ndi liti. Alipo akuluakulu a mpingo ena oti akangomva wachinyamata akuwerenga mawu pa foni, kaya ndi Buku Loyera kaya ndi lija la Chichewa chalero, nkhope imasinthiratu pompo, amvekere limenelo si Baibulo ayi, Baibulo ndi Buku Lopatulika basi enawa ndi osungunula. Achinyamata nawo safuna kugonja, akuti Chichewa cha mmenemo nchamakedzana sitikumva, moti pena kumlaga olo pamaliro penipeni anthu amangotsala pang'ono kulandana maikolofoni. Ineyo ndakalamba ndi Buku Lopatulika, masalimo amene ndinaloweza ndi a mmenemo ndipo pa msinkhu uno sindizayambanso kuloweza ena, koma ndisanapume ntchito ndinkaphunzitsa History ku sekondale nde ndikamamva mkanganowu maganizo anga amapita ku Spain, chifukwa anzathu akumeneko njirayi anayamba kuyendamo kale kwambiri.

Ambirife Spain timangoidziwira mpira, Real Madrid, Barcelona, Sevilla, anyamata kukuwa mma vidiyo sho mpaka usiku. Koma Chisipanishi nchilankhulo cha anthu pafupifupi 500 miliyoni, kuyambira ku Spain komweko mpaka Mexico, Peru, Argentina, olo kuno ku Africa kuli Equatorial Guinea. Akhristu a chiProtestanti a mmaiko amenewa ali ndi Baibulo lawo lomwe amalikonda mmene ife timakondera Buku Lopatulika, dzina lake Reina-Valera, ndipo ambiri akati Baibulo lenileni ndiye kuti akunena la 1960. Chimene chimandisangalatsa ine ndi tsamba lake loyamba. Analembapo poyera kuti anamasulira ndi Casiodoro de Reina mu 1569, analikonzanso Cipriano de Valera mu 1602, kenako linakonzedwanso mu 1862, 1909 ndi 1960. Zaka zonsezo zili pamenepo, aliyense wotsegula amaziona, palibe amene angaime kutsogolo nkumanena kuti bukuli silinakhudzidwepo ndi dzanja la munthu chilembedwere.

Kuti mumvetse mmene zinavutira tibwerere mmbuyo pang'ono. Sikuti ku Spain kunalibiretu Malemba mchilankhulo chawo, analipo, mfumu Alfonso X inalamula kuti amasulidwe mzaka za mma 1200 ndipo mu 1430 rabi wina wachiyuda, Moses Arragel, anamaliza kumasulira Chipangano Chakale atapemphedwa ndi bwana wina wachikhristu, koma amenewo anali mabuku olemba pamanja a mafumu ndi anthu olemera, munthu wamba sankawaona nkomwe. Makina osindikizira atabwera mpamene mantha a akuluakulu anakula. Mu 1478 ku Valencia anasindikiza Baibulo mchilankhulo cha chigawo chimenecho, khoti la mpingo lotchedwa Inquisition linalisakasaka nkulitentha moti lero chimene chatsala ndi tsamba limodzi lakumapeto basi. Mantha awo anali pawiri. Panali nkhani ya Ayuda, omwe mu 1492 anauzidwa kuti asankhe kubatizidwa kapena kutuluka mdziko, nde obatizidwa aja ankawakayikira kuti akamawerenga okha Chipangano Chakale abwerera ku chipembedzo cha makolo awo. Kenako mu 1517 kunabwera Martin Luther ku Germany, madzi nkufika mkhosi. Mu 1551 ndi mu 1559 anatulutsa mndandanda wa mabuku oletsedwa, Baibulo la mchilankhulo cha anthu wamba lili momwemo. Lachilatini linali lololedwa inde, koma mlimi wa mphesa Chilatini anakachiphunzira kuti?

Woyamba kuyesa kusindikiza Chipangano Chatsopano chonse mChisipanishi anali mnyamata wa ku Burgos, Francisco de Enzinas, wochokera ku banja la amalonda ochita bwino ndithu, amene anapita kukaphunzira ku Louvain kenako ku Wittenberg komwe ankakhala mnyumba mwa Philipp Melanchthon mnzake wa Luther uja. Anamasulira Chipangano Chatsopano kuchokera ku Chigiriki nkuchisindikiza ku Antwerp mu 1543 ali ndi zaka za mma 25 zokha. Nde tamvani kulimba mtima kwake, kapena tingoti chinyamata, anatenga buku lija nkukalipereka yekha mmanja mwa mfumu yaikulu Charles V, yomwe inkalamuliranso Spain, ku Brussels poganiza kuti mfumu ikaliona ivomereza. Mfumu inalandira bwinobwino nkulipereka kwa wansembe wake kuti alione kaye, pasanathe masabata angapo Enzinas ali mndende mabuku alandidwa. Anakhalamo chaka ndi kanthu mpaka anathawa mu 1545, anakaphunzitsako Chigiriki ku Cambridge, nkumwalira ndi mliri ku Strasbourg mu 1552 Baibulo lonse asanalimalize. M'bale wake wa bere limodzi anatenthedwa ku Rome.

Mu 1556 Juan Pérez de Pineda, amenenso anathawa ku Seville, anasindikiza Chipangano Chatsopano china ku Geneva koma pachikuto analemba kuti chasindikizidwa ku Venice pofuna kupusitsa osecha mmalire. Kusindikiza inali ntchito yosavuta, vuto linali kufikitsa mabuku kwa owerenga. Ntchito imeneyo anaigwira Julián Hernández, kamunthu kakang'ono thupi moti anzake ankangomuti Julianillo, yemwe ankathandiza kwa osindikiza mabuku. Iyeyu analongeza mabuku mmigolo nkuyenda nawo ngati wageni wamba kuchokera ku Geneva mpaka kulowa nawo mu Seville mu 1557, ulendo woti akangokutsegulira mgolo umodzi basi zako zatha. Analowa ndithu, anagawa, koma chaka chomwecho anagwidwa, anakhala mndende zaka zitatu akuzunzidwa ndipo pa 22 Disembala 1560 anamutentha pabwalo anthu akuonerera.

Apa mpomwe ndikufuna akulu anzanga aonetsetse. Nthawi imeneyo Baibulo lakale, lolemekezeka, loti agogo ndi agogo awo analimva mtchalitchi, linali la Chilatini lija la Jerome lotchedwa Vulgate, lomwe linali litagwira ntchito zaka zoposa 1000. Onse amene ankati tisasinthe, mawu opatulika ndi okhawa, anali mbali ya oyatsa moto. A Enzinas ndi a Julianillo omwe timawatama mmaulaliki kuti anavutikira Mawu anali mbali ya Baibulo latsopano, la chilankhulo cha pamsika. Ndipo Vulgate yomweyo itangotuluka inali yatsopano nayonso, Augustine analembera Jerome kalata kumuuza kuti ku Oea, komwe lero ndi Tripoli ku Libya, mpingo unachita chipolowe bishopu atawerenga buku la Yona mmawu atsopanowo poti sanafanane ndi omwe anthu anazolowera. Ndiye kuti khalidweli si la kuno kokha ayi, ndi lakale kwabasi.

Kunja pang'ono kwa Seville kunali nyumba ya amonke ya San Isidoro del Campo komwe mabuku oletsedwa ankalowa mobisa nkumawerengedwa usiku. Mu 1557 zinthu zitayamba kununkha amonke pafupifupi 12 anathawa, aliyense njira yake kuti asakayikiridwe, nkukakumana ku Geneva, ndipo pagulu limenelo panali Casiodoro de Reina, Cipriano de Valera ndi Antonio del Corro. Otsala aja zinawaonekera. Ena anatenthedwa pa milandu ya 1559, 1560 ndi 1562, mlaliki wotchuka wa tchalitchi chachikulu cha Seville, Constantino Ponce de la Fuente, anafera mndende koma anafukulabe mafupa ake nkuwatentha, ndipo Reina poti sanamupeze anapanga chidole chake nkuchitentha mu Epulo 1562, kumutcha mtsogoleri wa ampatuko.

Tsono mbali imene ambiri saikamba ndi iyi, yoti Reina sanapeze mtendere olo pakati pa aProtestanti anzake. Ku Geneva kwa John Calvin anapeza kuti nakonso anali atatentha munthu, Michael Servetus, wa ku Spain komweko, mu 1553 chifukwa cha chiphunzitso chake pa Utatu, Reina sanabise kuti zimenezo zamunyansa nde akuluakulu a kumeneko anayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira. Anasamukira ku London nthawi ya mfumukazi Elizabeth I nkukhala m'busa wa kampingo ka othawa kwawo a ku Spain, akumasulira Baibulo lake pang'onopang'ono. Akazitape a mfumu ya ku Spain Philip II ali pambuyo pake, ena a mipingo ya othawa kwawo akumukayikira chiphunzitso, mpaka mu 1563 anamusemera milandu yoopsa, wa mpatuko ndi wina wa chiwerewere woti akanapezeka nawo wolakwa akananyongedwa. Anathawira ku Antwerp, kenako Frankfurt, Strasbourg, Basel, mkazi ndi ana ali nawo, pena akudyera geni ya nsalu za silika kuti pakhomo pasagone njala, mapepala a Baibulo ali mchikwama. Milandu ya ku London ija anadzabwerera yekha kukaiyankha ndipo mu 1579 anamupeza wosalakwa, koma taonani zaka zimene zinadutsa dzina lake likununkha. Ife amene takhala mmipingo tikudziwa kuti bodza lotere likakumata olo khoti likuyeretse ena amakhalabe akunong'onezana.

Ntchito yomasulira inamutengera zaka 12. Chiheberi ndi Chigiriki ankazigwiritsa ntchito koma sanachite manyazi kutsamira pa ntchito za ena, anali ndi Chipangano Chatsopano cha Enzinas ndi cha Pérez, anali ndi Baibulo la Chilatini la Santes Pagnino yemwe anali wansembe wa Katolika, komanso Baibulo la Ferrara la 1553 lomwe anamasulira ndi Ayuda othamangitsidwa ku Spain aja, lotsatira Chiheberi liwu ndi liwu. Eti Baibulo la aProtestanti koma mkati mwake muli thukuta la Myuda ndi la Mkatolika. Pofika posindikiza mavuto enanso, wosindikiza woyamba ku Basel, Johannes Oporinus, analandira ndalama nkumwalira mu 1568 ali ndi ngongole zosaneneka, ndalama za Baibulo nkumira momwemo, Reina mwini wake akudwala mwakayakaya. Anzake anasonkhanso, makamaka wamalonda wina wolemera, Marcos Pérez, mpaka mu Seputembala 1569 makina a Thomas Guarin anatulutsa makope 2,600. Pachikuto sanalembepo dzina la womasulira, anangoikapo chithunzi cha chimbalangondo chitaimirira pa mtengo chikufuna uchi, nchifukwa chake mpaka lero amalitchula kuti Baibulo la Chimbalangondo, ndipo mipingo ya kumeneko mwezi wa Seputembala imautenga ngati mwezi wa Baibulo.

Mukalitsegula Baibulo la 1569 limenelo muli zinthu zoti akulu ampingo ena akhoza kudzidzimuka nazo. Mabuku aja timati ndi a Akatolika, Tobiti, Yuditi, Amakabeo, alimo, ndipo ali pakati pa mabuku enawo mmene analili mu Vulgate. Kumayambiriro Reina anasindikizamo malamulo a msonkhano waukulu wa Akatolika wa ku Trent okhudza kuwerenga Malemba mzilankhulo za anthu, kufuna kuonetsa kuti olo mpingo wa Roma sunatsekeretu khomo. Dzina la Mulungu analemba Jehová nkufotokoza chifukwa chake, mmene Buku Lopatulika lathu linalembera Yehova pomwe Buku Loyera likuti Chauta, moti nkhani imene timakanganirana ija iyenso anaiganizira. Koma chachikulu kwa ine ndi chimene ananena mmawu ake otsogolera. Sananene kuti ntchito yake ndi yomaliza. Anavomera kuti munthu mmodzi wothawathawa sangathe zonse, ndipo anapempha kuti mafumu ndi mipingo asankhe anthu ophunzira ndi oopa Mulungu khumi kapena khumi ndi awiri akhale pansi apange Baibulo labwino koposa lake. Mwini wake ankapempha kuti likonzedwe, nanga ife obwera mmbuyo tikakaniranji?

Amene anayankha pempholo anali mnzake wa ku San Isidoro uja, Cipriano de Valera. Iyeyu anakhazikika ku England, anaphunzira ndi kuphunzitsa ku Cambridge, anamasuliranso buku lalikulu la ziphunzitso la Calvin mu 1597. Anayamba kukonza Baibulo la Reina ali ndi zaka 50 nkumaliza ali ndi 70, linatuluka ku Amsterdam mu 1602, Reina atamwalira kale ku Frankfurt mu 1594. Ilinso ali nalo dzina, Baibulo la Mtsuko, chifukwa pachikuto pali anthu awiri, wina akubzala mtengo wina akuthirira ndi mtsuko, kutengera mawu a Paulo aja kwa Akorinto. Zaka 20 koma mukayerekeza mabuku awiriwa mawu ambiri ndi a Reina omwe aja, Valera anasintha mwa apo ndi apo, anakonza ndemanga za mmbali, mabuku a Tobiti aja anawasonkhanitsa nkuwaika pawokha pakati pa zipangano ziwiri. Kuwachotseratu kunadzachitika mochedwa, bungwe la British and Foreign Bible Society litagamula mu 1826 kuti silizalipiriranso ma Baibulo okhala ndi mabuku amenewo. Chomvetsa chisoni nchoti kwa zaka zambiri anthu ankangoti Baibulo la Valera, dzina la amene anavutika kwambiri uja litaiwalika.

Kuchoka apo kunali zii kwa zaka pafupifupi 200, ku Spain ndi mmaiko omwe ankawalamulira Baibuloli silinkaloledwa. Ndisamveke ngati ndikunyoza abale athu a Katolika omwe timakhala nawo bwinobwino kuno, chifukwa chiletso chitachotsedwa mu 1782 iwonso anagwira ntchito, Felipe Scío de San Miguel anatulutsa Baibulo lonse ku Valencia pakati pa 1790 ndi 1793 kuchokera ku Vulgate, kenako Félix Torres Amat mzaka za mma 1820. Ndipo chodabwitsa nchoti mabungwe a Baibulo a chiProtestanti atayamba kulowa mmaiko amenewa Baibulo lomwe ankagawa poyamba linali la Scío la Katolika lomwelo, ankadziwa kuti anthu salikayikira. James Thomson wa ku Scotland anafika ku Buenos Aires mu 1818 akutsegula masukulu, ana akuphunzira kuwerenga ndi ndime za Malemba. George Borrow anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Scío ku Madrid mu 1837 chopanda ndemanga, chaka chotsatira anagonako mndende. Ku Peru Francisco Penzotti, wogulitsa ma Baibulo khomo ndi khomo komanso mlaliki wa Methodist, anatsekeredwa ku Callao mu 1890 kwa miyezi 8, ndipo lamulo la dzikolo loletsa zipembedzo zina kupemphera poyera linadzasintha mu 1915. Ku Spain ufulu wachipembedzo unabwera mu 1869 koma unkabwera nkumapita, nthawi ya Franco apolisi ankalandabe ma Baibulo ku ofesi ya Bible Society ku Madrid.

Mipingo itayamba kukula anabwerera kwa Reina ndi Valera, koma Chisipanishi cha 1602 chinali chitakalamba nde anayamba kukonza. Mu 1862 Lorenzo Lucena amene ankaphunzitsa ku Oxford analikonza, mu 1909 analikonzanso, limenelo nkukhala Baibulo la agogo a kumeneko kwa zaka 50. Kakonzedwe ka 1960 nkamene ndikufuna atsogoleri athu akamve. Sanangodzitsekera mu ofesi ayi, anayamba afunsa eni ake, anagawa masamba a Baibulo la 1909 kwa abusa ndi akhristu wamba mmaiko osiyanasiyana kuti alembe mmbali paliponse pomwe mawu sakumveka kapena anasintha tanthauzo, masamba aja nkubwerera. Kenako kagulu ka akatswiri a ku Latin America komweko, ochokera maiko ngati Mexico, Chile, Colombia ndi Cuba, mothandizidwa ndi Eugene Nida wa American Bible Society, kanakhala pansi zaka zingapo. Anasintha malo masauzande ambiri koma anasamala kuti kamvekedwe kakhale komwe kaja, munthu woloweza salimo 23 asamve ngati amulanda. Mukuganiza kuti onse anaombera mmanja? Ayi ndithu, alipo anakana kuti lenileni ndi la 1909 ndipo ena mpaka lero akadali pomwepo. Lero la 1960 lomwelo ndi limene lasanduka losakhudzidwa, atatulutsa la 1995 ndi lina la 2011 anthu anati mwawononga Mawu a Mulungu. Zimangozungulira choncho. Pambali pake palinso ena omasulira mwatsopano mchilankhulo chosavuta, ngati Dios Habla Hoy la 1979 lomwe Akatolika ndi aProtestanti amagwiritsa ntchito onse, ndi Nueva Versión Internacional la 1999, onsewa ali mmatchalitchi ndipo mpingo kumeneko sunathe, ukukulirakulira.

Tibwere kwathu. Ifeyo a kuno kunyanja ndi amene sitikuyenera nkomwe kulimbikira zoti Baibulo ndi limodzi, chifukwa makolo athu a Anglican kuno ku Nkhotakota ndi ku Likoma anali ndi lawo la Chinyanja cha kunyanja lomwe anamasulira William Percival Johnson, linatha mu 1912, Buku Lopatulika lisanabadwe. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yomwe anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch, yambiri inagwiridwira ku Mvera uko pokwera kuchokera ku Salima, pamodzi ndi amishoni a ku Blantyre ndi aphunzitsi achikuda omwe ndi amene ankadziwa chilankhulo. Cholinga chawo chinali kuphatikiza Chichewa cha pakati ndi Chimang'anja cha kummwera kuti Baibulo likhale limodzi, nchifukwa chake mawu ena mmenemo kwa ife akunyanja ndi achilendo kuyambira kale. Ndipo lakhala likukonzedwa, amene muli ndi makope akale a agogo tawatsegulani muone, akulemba cifukwa, cipangano, lomwe mwanyamula lerolo likulemba chifukwa, ndiye kuti dzanja la munthu linadutsamo inu osadziwa. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, kenako mipingo inagwirizana nkutulutsa Buku Loyera mu 1998. Mbiri yake ndi yomweyo ya ku Spain, kungoti ife palibe anatenthedwa.

Nde maganizo anga ndi awa. Akulu anzanga, kukonda Buku Lopatulika si tchimo, nanenso ndimalikonda, likamawerengedwa pamaliro limandigwira mtima mwa njira yoti enawa sandigwira. Koma kumuletsa mwana kuwerenga Baibulo lomwe akumva nkumukakamiza lomwe sakumva ndi ntchito yomwe ija inkagwiridwa ku Seville, kungochotsapo nkhuni ndi machesi. Mwana wa ku pulayimale lero mukamuwerengera makalata a Paulo mu Buku Lopatulika nkumufunsa kuti wamvapo chani amangokuyang'anani, si kupusa ayi, ziganizo zake zinatsatira Chigiriki ndi Chingerezi chakale, Chichewa chathu sichiyenda choncho. Inunso achinyamata musatengeke, kukhala ndi ma Baibulo asanu pa foni si kudziwa Baibulo, ndipo lakale lija lili ndi mawu omwe nyimbo zathu, katekisimu ndi mapemphero a amayi a Mvano zinamangidwapo, mukalitaya mwadula chingwe chokulumikizani ndi iwowo. Msodzi wa ku Chia ukonde ukang'ambika sautaya komanso sauponya mmadzi uli chibowokere poti unali wa bambo ake, amakhala pamchenga nkuusoka, ndi zimene anachita Valera ndi anzake a 1960 aja.

Pempho langa kwa a Bible Society of Malawi ndi masinodi ndi madayosizi, ngati alipo amene amawerenga nyuzi ino, lili pawiri. Pa tsamba loyamba la Baibulo lililonse la Chichewa muzilembapo zaka zonse zimene linamasuliridwa ndi kukonzedwa, ndi mayina a anthu ake, makamaka aMalawi omwe anakhala ndi azungu aja pa tebulo, mayina amenewo mmabuku a mishoni alimo asamangokhala mmakabati. Chachiwiri, mukadzafuna kukonzanso Buku Lopatulika, osati kalembedwe kokha koma mawu ndi ziganizo zomwe zatisiya, chitani mmene anachitira anzathu aja, tumizani masamba kumipingo, kwa aphunzitsi a Sande sukulu, kwa amayi, kwa alaliki a kumidzi ngati kwa Malengachanzi ndi kwa Mwadzama kuno, masiku ano olo pa WhatsApp zitheka, anthu alembe pomwe sakumva. Ndalama zosindikizira zimavuta tikudziwa, mapepala ndi odula, koma kufunsa anthu sikudya ndalama zambiri. Ineyo ndayamba kale kulemba mu kope mavesi a ku Aroma ndi Ahebri omwe ana a kalasi ya chibatizo amapunthwapo chaka ndi chaka, mungotiuza kotumiza.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Linga, Nkhotakota